Chaka Chimene Ndinalondola Namondwe pa Foni

Chaka chimenecho ndinalima ndili ku Joni. Khasu sindinaligwire, matope sanandikhudze n'kuphazi komwe, koma mukandifunsa ndikuuzani kuti ndinalima, chifukwa munda unali wanga ndipo pakamwa panga sipanapume kuyambira kubzala mpaka kukolola. Kwathu ku Phalombe munda ndi wa mkazi. Wangawo anandisiyira mayi anga, uli m'munsi mwa phiri la Michesi, pamene kamtsinje kotsika m'phirimo kanayala dothi lakuda. Amuna anga, bambo a Tadala, ndi mkamwini pamudzi pathu. Iwo anatsala ndi ana awiri ndi khasu, ine ndinakwera basi kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, n'kumagona m'kachipinda ka lendi ku Cosmo City. Anthu ankati ukwati wathu ndi wozondoka, ife tinkangoti bola ana akudya.

Namondwe wa chaka chimenecho anamupatsa dzina la munthu wamwamuna. Mumalidziwa nonse, ine sindilitchula.

Novembala

Mvula yobzalira inagwa mwezi uli pakati. Bambo a Tadala anaimba foni osalankhula kanthu, anangoilozetsa kudenga la malata kuti ndidzimvere ndekha. Ndinali mu takisi, nditapanikizika pakati pa azimayi awiri a Chizulu, ndipo ndinaseka mokweza mpaka onse anandicheukira.

"Mawa muyambire kumunsi," ndinatero. "Mbewu imodziimodzi paphando, osati zanu zija zoponya zitatu."

"Ndamva."

Bambo a Tadala ndi munthu wa liwu limodzi, ndipo liwulo ndi limenelo. Ukawalalatira, ndamva. Ukawayamikira, ndamva. Zaka zonsezi ndakhala nawo sindinadziwebe ngati amakhala akuvomera kapena akungofuna kuti nditseke pakamwa.

Munda wathu uli zigawo ziwiri. Chakumtunda ndi cha miyala, timangobzalamo nandolo ndi chimanga chongoyesera. Chakumunsi, m'mbali mwa kamtsinje, ndiye nkhokwe yathu. Chikachita bwino timadya chaka chonse, chikalephera ndiye kuti talephera. Feteleza yense amene ndinatumiza chaka chimenecho anathira kumunsiko.

Januwale

Chaka chapitacho sitinakolole zokwanira, ndiye pofika Januwale m'nyumba munali mutayera. Mtengo wa ndowa ya chimanga unkakwera tsiku la msika lililonse. Kunkamveka mphekesera kuti kwafika lole ya chimanga chotchipa, anthu n'kulawirira kukaima pamzere, n'kubwerera dzuwa litapendeka matumba ali m'khwapa. Oyandikana nafe anagulitsa mbuzi. Ena anawoloka kupita ku Mozambique kukagwira ganyu wolipidwa makaka, chinangwa chouma chija. Ana anga ankadya kamodzi patsiku, ine kuno ndikutaya m'bini buledi amene wangogona masiku awiri. Zinkandiwawa, ndipo zikandiwawa ndimalusira munthu amene ali pafupi, ngakhale akhale pa foni.

Koma m'munda munali chiyembekezo. Tsiku lina bambo a Tadala anapatsa Tadala foni kuti awajambule kanema, iwo n'kulowa m'chimanga cha kumunsi. Anasowa. Ndinkangoona masamba obiriwira mpaka kuda, ngayaye zikugwedezeka pamwamba, phesi lililonse litabereka ana awiri. Kanemayo ndinaonetsa aliyense, ndi Amake Daliso omwe, mnzanga wa ku Chipata amene tinkakhala naye pabwalo limodzi ku Cosmo City.

"Iwe Agnes, chaka chino uzanenepa," anatero.

Abwana anga anali mzungu wokalamba amene akazi ake anamwalira. Tonse ogwira ntchito m'dera limenelo tinkangomutcha Madala. Anagwira ntchito m'sitima zapamadzi moyo wake wonse, ndipo atapuma anakhala ku Joni kopanda nyanja, koma mtima unatsalira kumadzi. M'chipinda chake chowerengera munali makompyuta awiri, ndipo ankaonera nyengo monga amuna ena amaonera mpira. Ntchito yanga m'chipindamo inali kupukuta fumbi osasuntha waya.

Febuluwale

M'mawa wina, mwezi utangoyamba, Madala anandiitana.

"Agnes, siya nsaluyo. Bwera udzaone."

Pa kompyuta panali nyanja, yakuda bii, yopanda chilumba. Pakati pake panali chinthu choyera, chozungulira, ngati thonje lopota, ndipo pakatikati pa chinthucho panali kabowo kakuda kosalala m'mbali ngati kobooledwa ndi msomali. Madala anadina, zithunzi zinayamba kuthamanga, chinthucho chinayamba kuzungulira. Chinkazungulira mosafulumira, mbali imene imayenda mivi ya wotchi, chikukoka mitambo kuchokera kutali n'kumaikulunga. Ndinakhala pa mpando wa Madala osauzidwa, zimene ndinali ndisanachitepo.

"Chili kuti chimenechi?"

"Kutali. Chayandikira Australia kusiyana ndi kuno."

"Nanga wajambula ndani?"

"Setilaiti. Ili pamwamba pa mitambo."

Ine ndinakula ndikudziwa kuti mvula timaiona kuchokera pansi. Umayang'ana kuphiri, umanunkhiza mphepo, umaona nyerere zikusamuka. Tsiku limenelo ndinaona msana wa mitambo. Thupi lonse linachita tsembwe, ngati ndasuzumira m'chipinda cha Mulungu iye atatulukamo pang'ono.

Madala atapeza womvetsera sanalekenso. Anandiphunzitsa kuti chinthucho ndi namondwe, kabowo kaja ndi diso lake, ndipo m'disomo muli bata, kumwamba kumaoneka kuli mbee, mbalame zotopa zimauluka mommo zikusowa potulukira. Mphepo yoopsa ili m'khoma lozungulira disolo. Anati chinthucho chimadya madzi ofunda a panyanja, chikafika pa madzi ozizira kapena pamtunda chimafa ndi njala. Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti palibe munthu amene anapita kukayeza mphepoyo. Akatswiri amakhala m'maofesi m'maiko akutali, amayang'ana disolo kuti lazungulira bwanji ndiponso kuti mitambo ya pamwamba yazizira bwanji, n'kunena mphamvu ya mphepo. Mphamvuyo amaisonyeza ndi mitundu: wobiriwira ndi wofooka, kenako wachikasu, kenako wofiira. Kutsogolo kwake kunali mizere yambirimbiri ngati ulusi wosokonekera, mzere uliwonse ndi kompyuta ina yolosera kumene apite.

"Njira yake masiku ano amaidziwa bwino," anatero Madala. "Koma mphamvu yake ya mawa amaphonya kawirikawiri. Ukhoza kugona ali wachikasu, kudzuka ali wofiira."

Anandiikira tsamba la pa intaneti la zanyengolo pa foni yanga, ndipo kunali kundipatsa matenda. Ndinkaliyang'ana mu takisi, pophika, ndi m'tchalitchi momwe. Mpingo wathu wa Amalawi umasonkhana mu holo ina ku Berea, ndipo kumeneko anandipatsa dzina loti Mayi Zanyengo. Sindinakwiye, linkandikoma.

"Manje iwe, bandulo yonse izasila pa mitambo," ankatero Amake Daliso. "Ukwatiwe nacho chabe chinthu chako."

Masabata anadutsa chikungobwera chakumadzulo, osakhota. Nthawi zina diso linkatsekeka, mtundu n'kutsika, ine n'kuti chafa. Pakapita masiku awiri diso lija n'kutsegukanso, loyera bwino kuposa kale. Chinachita zimenezi kangapo. Madala, munthu amene anakalambira panyanja, ankangopukusa mutu n'kumati sanaonepo chouma mutu chotere. Ndivomere pano kuti ndinkachikonda. Chikafooka ndinkakhumudwa, ngati timu yanga yagonja.

Kenako chinadula Madagascar pakati n'kugwera m'nyanja ya pakati pa chilumbacho ndi Mozambique. Mizere yambiri inkaloza kumwera, koma iwiri inakhotera kumpoto, chakwathu. Ndinaiyang'ana mizere iwiriyo mpaka ina yonse ndinaleka kuiona. Ndinaimba foni.

"Mudule cha kumunsi."

Bambo a Tadala anayankha kuti, "Chili dowe, mayi a Tadala. Maso ake akadali mkaka."

"Ndati mudule. Kukubwera chinthu chachikulu kuposa chigawo chonse cha kumwera."

"Kuno kuli dzuwa."

"Inu mukuona kumwamba kwa pamudzi. Ine ndikuona nyanja yonse."

"Tikadula pano tingopeza chitibu. Chikauma chinyala, theka lipita."

Apa ndi pamene ndinalankhula mawu amene mkazi sayenera kulankhula kwa mkamwini, ngakhale atakwiya bwanji. Ndinati, "Kodi mundawo ndi wa ndani?"

Iwo anangoti, "Ndamva."

Sanadule wonse. Anadula mizere ya m'mbali mwa kamtsinje, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kututira kunyumba pamutu. Anatonola chimanga chanthetecho, kuchiyanika pa mphasa, kukagayitsa ufa wa chitibu, umene kwathu umadyedwa ndi munthu amene njala yamufika pakhosi.

Namondwe uja anatsata mizere yambiri ija. Anakatera kutali kumwera kwa Mozambique, n'kufooka. Ku Phalombe kunagwa mvula wamba ya Febuluwale.

Mudzi unaseka. Amuna a pa bawo akaona bambo a Tadala akudutsa ankafunsa kuti, "Akuti bwanji a ku Joni, mawa tivale jekete?" Achemwali anga aakulu, a Fanesi, anandiimbira osapereka n'moni womwe.

"Wamuchititsa manyazi mwamuna, ndipo waononga chakudya. Foni yakoyo uziimbira anthu, usamalimire."

Sabata yonse bambo a Tadala sanandiimbire. Ndikaimba ine ankayankha zofunika zokha, n'kupatsa ana foni.

Malichi

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Tsamba lija ndinaleka kulitsegula. Koma tsiku lina ndikukolopa pakhonde ndinamva Madala akufuula m'chipinda chake, ndinathamanga poganiza kuti wagwa.

"Wadzuka," anatero, magalasi ali m'manja.

Zotsalira za namondwe uja, timitambo tobalalika timene aliyense anali atatiiwala, tinali titabwerera kunyanja chammbuyo. Tinamwa madzi ofunda, tinasonkhana, tinayambanso kuzungulira. Masiku angapo pambuyo pake diso linatseguka. Ndinaimirira kumbuyo kwa mpando wa Madala, chokolopera chikudontha pa kapeti. Chinthu chimene chinabadwira kutsidya la nyanja mwezi wathunthu wapitawo, chimene chinamenya chilumba, kumenya mtunda, kufa ife tikuona, chinali chitatembenuka ndipo chinkabwereranso. Ulendo uno mizere sinabalalike. Yonse inagwirana ngati chingwe chimodzi, kulowera ku Quelimane n'kukwera chakwathu. Mtundu wake unali wofiira.

Lachisanu Madala anapita kukacheza kwa mwana wake ku Pretoria. Ali pakhomo anati, "Uwauze a kwanu asamale." Ndinavomera, koma sindinaimbe. Loweruka sindinaimbenso. Ndinkaopa kusekedwa kachiwiri, ndipo koposa apo ndinkaopa kuwachititsanso manyazi bambo a Tadala.

Lamulungu m'mawa ndinali pa renki ndi Amake Daliso, tikudikira takisi ya m'tauni, ine ndikupita ku Berea kutchalitchi. Foni inalira. Anali bambo a Tadala, koyamba kuimba okha chichitikire za chitibu zija. Kumbuyo kwawo kunkamveka mvula pa malata.

"Yayamba dzulo," anatero. "Si yaukali, koma siikudukiza. Wailesi ikuti tisamale. Chimanga chija tsopano chakhwima, maso alimba. Ndapeza amuna asanu a kumpingo ndi ngolo, akuti ajomba mapemphero, tidule lero tikweze kunyumba. Kungoti chodula pamvula china chimaola. Ndiye ndati ndifunse inu amene mukuona. Tidule?"

Munthu amene mudzi wonse unamuseka chifukwa cha ine ankandifunsabe ine. Ndinati adikire, ndinatsegula tsamba lija. Namondwe anali atatera kale ku Mozambique. Diso panalibe, linali litatsekeka. Kadontho kosonyeza mphamvu kanali katachoka pa kufiira, kudutsa chikasu, ndipo kutsogolo kwake, pa malire a kwathu, kanali kobiriwira. Pansi pake panali liwu la Chingerezi lotanthauza kuti akufooka. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaona mpata wowabwezera amuna anga ulemu wawo, kuti chimanga chiumire m'munda monga achitira alimi enieni, aliyense aone kuti sitinachite phuma.

"Musadule," ndinatero. "Wafooka. Diso latsekeka. Auzeni anzanuwo apite akapemphere."

"Mwaonetsetsa?"

"Ndaona ndi maso angawa."

"Ndamva."

Tsiku limenelo ndinaimba bwino kwambiri mu kwaya.

Lolemba ndinapeza Madala akundidikira pageti atavala masilipasi. Sanayankhe moni. Ananditengera ku kompyuta n'kutsegula tsamba lina limene ndinali ndisanalionepo, losonyeza mvula. Chigawo chonse cha kumwera kwa Malawi chinali chakuda.

"Koma wafooka," ndinatero. "Ndinaona ndekha, ndi wobiriwira."

"Mtundu uja umayeza mphepo yokha, Agnes. Mphepo ikafa madzi safa nayo. Taona, waima, sakuyendanso. Madzi amene wanyamula akuwakhuthulira malo amodzi, akukokanso ena kunyanja, ndipo mapiri a kwanu akumufinya." Anandiyang'ana. "Kodi sindinakuuze zimenezi?"

"Simunandiuze."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Iye anali munthu wa sitima, mdani wake moyo wonse inali mphepo, ndipo anandiphunzitsa zimene ankaziopa iye. Ine wa munda wa m'mbali mwa mtsinje ndinatenga mantha a mwini sitima n'kuiwala anga.

Ndinaimba foni, sinalowe. Ndinaimbira a Fanesi, sinalowe. Ndinaimbira aliyense wa ku Phalombe amene nambala yake ndinali nayo, mayi wa pa netiweki ankangobwereza mawu omwewo. Pa mafoni a anzathu panayamba kufika makanema a ku Blantyre, matope akutsika m'phiri ndi nyumba zomwe. Lachiwiri linadutsa, Lachitatu linadutsa. Ndinkapita kuntchito chifukwa kwa Madala kunali magetsi a dzuwa, pamene ku Cosmo City ankangozimazima, ndipo sindinkafuna kuti foni ithe moto. Madala sanandipatse ntchito. Tinkakhala pa kompyuta tikuyang'ana chinthu chija, tsopano chopanda diso, chopanda maonekedwe, chitangoyala pamwamba pa kwathu osasuntha. Ndinkachiyang'ana ndi chidani, komabe maso ankakana kuchoka.

Lachinayi masana inalowa nambala yachilendo.

"Tonse tilipo," anatero bambo a Tadala. "Ana alipo. A Fanesi alipo. Tili kusukulu."

Ndinakhala pansi m'khitchini. Anandifotokozera pang'onopang'ono, foni inali yobwereka. Kwathu phiri likang'ambika, madzi ndi matope ndi miyala n'kutsika pamodzi, timati kwadutsa Napolo. Anati Lolemba m'mawa anamva mkokomo ngati malole ambiri akutsika m'phiri nthawi imodzi, nthaka ikunjenjemera. Nyumba yathu ili pachitunda, inangogwa khoma limodzi. Mabanja a kumunsi kwa kamtsinje, anthu amene ndinakula nawo, ena sanapezeke mpaka lero. Anawatchula maina mmodzimmodzi, ine ndikungoti mayo, mayo.

Ndinachita manyazi kufunsa, koma ndinafunsa. "Nanga munda?"

"Kulibe munda, mayi a Tadala. Pali miyala. Ina ndi yaikulu ngati khitchini yathu."

Epulo

Anakhala kusukulu kuja masabata angapo, mabanja ambiri m'kalasi imodzi. Thandizo linkabwera mwa apo ndi apo chifukwa milatho inali itapita: ufa wa phala, nyemba pang'ono, tsiku lina zofunda. Kunali kulembana maina, kukangana kuti uyu walembedwa kawiri, mphekesera zoti a m'mudzi wakuti alandira mafuta ophikira. Pa msika chimanga chinkaoneka mwa mwayi, ndipo mtengo wake munthu unkangofunsa n'kuchokapo. Epulo ndi mwezi umene kwathu ana amanenepa ndi dowe ndi maungu, koma chaka chimenecho njala ya Januwale inangopitirira ngati sinamve kuti mwezi wasintha. Matumba a chitibu aja anapulumuka m'nyumba, ndipo anadyetsa ana anga ndi a kwa a Fanesi mpaka mwezi unatha.

Chitibucho ndi chimene chinanditembenuzira mbiri. Pa gulu la pa foni la banja lathu, mmene muli abale a kumudzi, a ku Blantyre ndi a kuno ku Joni, a Fanesi anatumiza mawu ojambula.

"Abale, tizithokoza Agnes. Mwana uja anaona patali, ife tinkamuseka. Pakanapanda iye bwenzi ana atatupa. Koma mkamwini wathuyu ndi wamakani. Lamulungu lija anthu anabwera ndi zikwanje ndi ngolo kuti amuthandize, iye anawabweza. Chakudya cha chaka chonse chapita chifukwa cha munthu mmodzi."

Amuna asanu aja anavomereza kuti anawabwezadi, ndipo sanawauze chifukwa. Aliyense anangoganiza kuti ine ndinachenjezanso kachiwiri, iwo n'kukana chifukwa chopsa mtima ndi zoyamba zija. Amalume, amene ndi mwini mbumba yathu, analemba kuti zinthu zikakhazikika pakhale bwalo la banja, aone ngati munthu wotere n'ngoyenera kukhalabe pamudzi. Kwathu mkamwini akauzidwa kuti anyamule bulangete lake, amanyamula, ana n'kutsala.

Bambo a Tadala ali pa gulu lomwelo. Anamva zonse, sanayankhe.

Inenso sindinayankhe. Ndinene mosabisa, ulemu uja unkanditsekemera. Ku Berea azimayi ankandigwira dzanja n'kumati Mayi Zanyengo anadziwa. Ndinkadziuza kuti ndilankhula mawa, zinthu zikazizira. Masabata atatu anatha. Ndikaimba kumudzi tinkakamba za khoma logwa, za chifuwa cha Tadala, za mbewu ya mbatata. Za Lamulungu lija sanazitchule, inenso ndinkazilambalala.

Amene anandisowetsa mtendere ndi Amake Daliso. Loweruka lina tikuchapa pa mpopi wa pabwalo, ndinkawafotokozera zoti kumudzi akufuna kuchita bwalo, ndikuyankhula ngati nkhani ya anthu ena. Anasiya kuchapa, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Iwe Agnes, ine n'nalipo pa renki paja. N'namvela na matu yanga. Uzakamba liti?"

Meyi

Mwezi wokolola unafika. Bambo a Tadala anathyola za kumtunda, tizitsononkho tofanana ndi chala, madengu ochepa amene ngolo sinafunike. Nandolo anali asanakhwime. Amalume anatchula tsiku la bwalo.

Ndinajambula mawu anga m'chipinda chochapiramo kwa Madala, nditazimitsa makina kuti ndimveke bwino. Ndinajambula katatu. Koyamba ndinayamba ndi kufotokoza za mitundu ndi mphepo, ndinaona kuti ndikudziikira kumbuyo, ndinafufuta. Kachiwiri ndinalira. Kachitatu ndinati:

"Amalume, achemwali, abale nonse, ndine Agnes. Lamulungu lija bambo a Tadala anandiimbira foni, anthu ndi ngolo ali pakhomo. Anafuna kudula. Anandifunsa, ine ndinati asadule, namondwe wafooka. Anandifunsanso ngati ndaonetsetsa, ndinati eya. Anabweza anthu aja pomvera ine. Chimanga chija ndinataya ndine. Ndakhala chete mwezi wonse mukuwanena, ndipo limenelo ndi tchimo langa lachiwiri. Ngati pali wonyamula bulangete, ndine."

Ndinatumiza. Ndinaona timizere tosonyeza kuti amva, mmodzi, awiri, onse. Palibe anayankha mpaka madzulo, pamene amalume analemba kuti bwalo lija lakhala kaye. A Fanesi sanandilankhule miyezi iwiri. Ku Berea dzina lija linafa lokha.

Tsiku lotsatira, ndikusita m'chipinda chomwecho, bambo a Tadala anaimba.

"Mwawauziranji?"

"Chifukwa ndi zoona. Inuyo bwanji simunanene?"

"Ine ndili pakati pa anthu, akanena amatopa. Inu muli kwa eni, nokha. Mukanazisenza bwanji?"

Chiyambire ukwati wathu sanandiuzepo za mumtima mwawo chonchi. Ndinazimitsa ayironi n'kukhala pa ndowa yovundikira. Ndinafuna kupepesa bwinobwino, ndi mawu okonzeka, koma anandidula.

"Pali chimene ndikufuna," anatero. "Ife chinthucho tinangochimva pamutu. Sindinachionepo. Munganditumizire chithunzi chake?"

Ndinali nazo zambiri. Ndinasankha cha Lamulungu lija, cha ola lomwe anandiimbira. Nyanja ili kumanja, yakuda. Kumanzere kuli kuyera kokhakokha, kokulungana, kuchokera kugombe la Mozambique mpaka kupitirira Blantyre, ndi timizere topyapyala ta malire a maiko tojambulidwa pamwamba pake. Chinatenga nthawi kuti chifike, netiweki ya kumudzi inali isanachire. Ndinkamva kupuma kwawo, ndi mbuzi ikulira chapatali.

"Chafika," anatero. "Mayi a Tadala, chonsechi ndi chimodzi?"

"Ndi chimodzi."

"Nanga ife tili pati pamenepa?"

Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala. Ndinatsata mzere wa malire mpaka pamene umakhota pa Mulanje, ndinakulitsanso, kufunafuna Michesi, phiri limene ndinakula ndikuliona ngati mathero a dziko. Panalibe phiri, panalibe mtsinje, panalibe kadontho. Ndinakulitsa mpaka foni yonse inangoyera.

"Muli pansi pake," ndinatero. "Simukuoneka."

"Ndiye nanunso simukanationa," anatero bambo a Tadala.